Lachisanu: Akabaza Atitsekera Umodzi Highway

Pulogalamu ya lero inali yaifupi: kuperekeza mlongo wanga wamkulu kukakwera basi ya ku Lusaka, kenako n'kukatsegula shopu. Katundu wake sakanatheka panjinga. Panali thumba la nsawa, kathumba ka mpunga wa ku Chama ndi nkhuku ziwiri m'katoni yoboolaboola, ndiye ndinaimbira alamu anga kuti abwere ndi Corolla imene amayendetsa ngati takisi. Anafika nkhope ili gwa, akuti chiyambire m'mawa anali asanapeze ngakhale ya mafuta.

Tikuyandikira mphambano yolowera mu Umodzi Highway, msewu waukulu wa kuno ku Chipata, tinayamba kumva mabelu, ambirimbiri, onse nthawi imodzi. Kutsogolo kunali Canter yonyamula bokosi, azimayi atakhala molizungulira akuimba. Pambuyo pake njinga zokhazokha, msewu wonse tho. Ena anamangirira masamba kumahandulo, ena ananyamula anzawo pakhushoni yakumbuyo, ndipo kumapeto kwenikweni kunali a mahonda akubangulitsa injini. Mayi wina wogulitsa nthochi anatiuza kuti womwalirayo anali wakabaza, anagundidwa ndi thiraki Lachiwiri madzulo mumsewu wa ku Mwami, kumalire a Malawi, akuchokera kokatula pasenjala.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi dongosolo lawo. Pamphambano iliyonse anyamata awiri atatu ankathamangira kutsogolo, n'kutsika, n'kupingasa njinga zawo pakamwa pa msewu wolowera kuti galimoto isadule mzere pakati. Gulu likadutsa ankakweranso n'kupalasa ndi mphamvu kukatseka mphambano yotsatira. Wapolisi panalibe. Ife tinali oyamba pamzere, choncho mnyamata wina wa jekete yowala anaima pamphuno penipeni pa Corolla.

Alamu anapirira pang'ono, kenako dzanja linapita pahutala. Analiza, analizanso, n'kuyamba kusendeza galimoto pang'onopang'ono mpaka bampala inakhudza tayala la njinga ija. Mnyamatayo sanatukwane. Anangomenya boneti ndi chikhatho, phaa! Nkhuku m'buti kweee. Tisanaphethire n'komwe tinali titazingidwa, nkhope zili m'mawindo onse.

"Mukufuna muphenso wina? Mmodzi uja sanakukwanireni?"

"Iwe, msewu uno ndi wa atate ako?" anatero alamu, atatsitsa galasi. "Ine ndimalipira road tax. Iwe umalipira chiyani?"

Amene anazimitsa moto ndi mlongo wanga. Iye salankhula mokweza. "Alamu, chotsani dzanja pamenepo. Maliro salizira hutala. Basi ikandisiya ine ndikwera ya mawa, koma ali m'bokosi uyo sadzakweranso." Nthawi yomweyo panafika bambo wina wa imvi, akukankha njinga yakale yotha utoto. Anaweramira pawindo n'kunena kuti, "Pepani abwana, anawa mitima yawawa. Tipatseni kanthawi, tikungopita kumanda." Anamugwira mnyamata uja paphewa n'kumubweza pamalo pake.

Kwathu zinathera pomwepo, koma kumbuyo kwathu wa Hilux anali atatopa kale. Anakwera m'mbali n'kulowa m'kanjira ka njinga ka m'mphepete mwa msewu, akuthamanga kuti akalipitirire gulu. Muganize: tinjira timeneti ndi chimodzi mwa zinthu zimene ife a ku Chipata timanyadira pamaso pa a ku Lusaka, ngakhale masiku onse mumadzaza magalimoto oimikidwa, mawilibala ndi mahonda. Lero njinga zinali mumsewu wa magalimoto, galimoto ili m'njira ya njinga. Anyamata anamuthamangitsa, ndipo pamene ankathawira mumsewu wina galasi lake lam'mbali linali likulendewera ndi waya.

Basi tinaipeza isanadzaze, monga mwa masiku onse.

Kushopu nkhani inali yomweyi mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense wobwera pagalimoto ankati akabaza ndi osamvera malamulo, aliyense wobwera panjinga ankati madalaivala ndi afiti. Agogo ena ogula misomali anatikumbutsa kuti tauni ino inali ndi fakitale yake ya njinga, Luangwa Industries, m'nthawi ya a Kaunda, ndipo njinga ya Eagle inkachokera konkuno kupita m'dziko lonse. Fakitale inatseka, Chipata, Fort Jameson wakale, anapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2017, magalimoto achuluka, koma amene amadyetsa Kapata ndi Saturday Market akadali wanjinga yemwe uja. Makala, tomato, nzimbe, mbuzi yomangidwa pakeliyala, mwana wa sukulu, mayi wopita ku sikelo, zonse zimalowa m'tauni panjinga.

Madzulo alamu anabwera kudzadya nsima, mkwiyo usanathe. Ananditengera panja kukandionetsa kachibowo pa boneti, kakang'ono kosaoneka bwino popanda tochi, koma akuti mwini galimoto akaona. Ndiye anayamba: kodi ndi dziko liti limene anthu a njinga angatseke msewu waukulu n'kusiyidwa?

Funso limeneli analiponya pakhomo polakwika, chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda. Ndinawauza kuti ku San Francisco, m'dziko la America, zimenezi zinayamba mu September 1992 ndi anthu makumi angapo chabe. Anagwirizana kuti Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse azikumana madzulo n'kupalasa limodzi, popanda mtsogoleri, popanda kupempha chilolezo. Mwambowu amautcha Critical Mass, ndipo unafalikira m'mizinda yambiri. Ku Budapest mu 2008 anasonkhana pafupifupi 80,000. Ngakhale kutseka mphambano kumene tinaona m'mawa kuja amachita chimodzimodzi, pa chifukwa chomwechi: galimoto ikalowa pakati pa gulu la njinga ndi pamene munthu amapwetekedwa. Madalaivala akawakalipira kuti akutsekereza oyenda pamsewu, iwo amayankha kuti oyenda pamsewuwo ndi iwo omwe.

"Ndiye apolisi akwawoko amangoonerera?" Ayi ndithu. Ku San Francisco komweko mu July 1997, meya Willie Brown atalimbana nawo, anatuluka pafupifupi 5,000 ndipo oposa 100 anamangidwa. Ku New York mu August 2004, kutatsala masiku ochepa kuti msonkhano waukulu wa chipani cha Republican uyambe, apolisi anagwira oposa 250 usiku umodzi. Ku London, usiku wotsegulira masewera a Olympics mu 2012, anamanga 182. Apa alamu anawala nkhope, akuti mwaona, kuli boma kumeneko.

Kenako ndinawaonetsa vidiyo ya ku Porto Alegre, ku Brazil, ya pa 25 February 2011. Ili pa YouTube, ndipo si yoonera pakudya. Anthu akupalasa mwamtendere madzulo, ndiye Golf yakuda imene inali kumbuyo kwawo ikungoponda mafuta n'kudutsa pakati pawo, matupi ndi njinga zikuuluka pamwamba pa boneti. Anavulala anthu 17, mwamwayi palibe anamwalira. Dalaivalayo, munthu wa ntchito yake yabwinobwino ya kubanki, amene anali ndi mwana wake m'galimoto, anadziteteza kuti anachita mantha atazingidwa. Mu 2016 khothi linamugamula zaka 12 ndi miyezi 9. Alamu anaionera kawiri. Ine sindinanene chilichonse za bampala ya Corolla ndi tayala la mnyamata uja, koma akazi anga ananena, pajatu ndi mlongo wawo.

Madandaulo a alamu sindiwataya onse. Galimoto si yawo, madzulo aliwonse mwini wake amafuna kashingi yake yokwanira, kaya msewu unatsekedwa kaya unatseguka, ndipo mafuta amapsa ngakhale utaima. N'zoonanso kuti akabaza ambiri amayenda usiku opanda nyale ngakhale kagalasi kowala kumbuyo, amakhota osatambasula mkono, ena amabwera mokumana nawe mbali yolakwika. Dalaivala akagunda mmodzi, gulu limafika apolisi asanafike, ndipo silifunsa kuti wolakwa ndani. Mantha amenewo ndi enieni. Amene anathyola galasi la Hilux uja wapatsa madalaivala a m'tauni muno nkhani yoti azikamba mwezi wonse, ndipo ya thiraki ya ku Mwami iiwalika msanga kuposa ya galasi.

Komabe ine ndili kumbali ya njinga, ndipo sindibisa. Alamu anataya mphindi makumi awiri ndi kapenti pang'ono. Wapanjinga amapatuka tsiku lililonse: hutala ikalira kumbuyo amagwera m'fumbi ndi thumba lake la makala, thiraki yopita kumalire ikamudutsa pafupi mphepo yokha imamugwetsa, ndipo palibe amaima kumufunsa ngati wavulala. Akakhala yekha saoneka. Za road tax zija n'zongokalipira, chifukwa phula silikumbidwa ndi tayala la njinga.

Chondiwawa kwambiri ndi kusiyana kwathu ndi a ku San Francisco. Ambiri a iwo anasankha njinga, ndipo tsiku lotuluka amasankha okha, amapita ndi nyimbo ndi zovala zoseketsa, pomaliza n'kukamwa mowa. Athu sanasankhe kanthu. Njinga ndiyo munda wawo, ndipo ola limene athera pamzere wa maliro ndi ola lopanda pasenjala. Sangakwanitse kutuluka mwezi ndi mwezi kukapempha khansolo kuti ichotse magalimoto m'tinjira tawo, kapena a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, kuti ayang'ane liwiro la mathiraki olowa m'tauni. Msewu amaulanda pokhapokha mnzawo ali m'bokosi, ndipo gulu lotuluka ndi misozi silichedwa kusanduka gulu la miyala.

Alamu atapita, akazi anga anandifotokozera za kunyumba ya maliro, poti mayi wamasiyeyo amapemphera nawo mpingo umodzi ndipo masana anali komweko kuphika. Wasiyidwa ndi ana atatu, wamng'ono akadali kumsana. Njinga imene malemu ankayendetsa sinali yake, inali yahayala, yolipira sabata ndi sabata, ndipo panopa ili kupolisi itapindika ngati chitini chopondedwa. Mwini wake anafika pamaliro, anapepesa bwinobwino, koma potuluka anafunsa achibale kuti za njinga akambirana liti. Abale amva kuti galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira munthu wogundidwa, koma palibe akudziwa poyambira. Akazi anga anawalonjeza kale, osandifunsa, kuti Lolemba m'mawa ndiwaperekeza achimwene ake a malemu kukatenga lipoti la apolisi ndi kuwalembera kalata. Shopu atsegula ndi mwana.