Nkhunda ya pinki ya ku Mauritius ndi mayina ake atatu

Kuchokera ku Pointe Jérôme, pafupi ndi tawuni ya Mahébourg ku Mauritius, boti limayenda mphindi zochepa chabe kuti likocheze pa Île aux Aigrettes, kachilumba kosakwana mahekitala 30 kamene kamasamalidwa ndi bungwe la Mauritian Wildlife Foundation. Alendo anzanga ambiri ankafunitsitsa kuona akamba akuluakulu ochokera kuzilumba za Aldabra, ku Seychelles, koma ine chimene ndinapitira chinali nkhunda ya pinki, mbalame imene kuthengo imapezeka ku Mauritius kokha.

Tinaipeza itatera panthambi yam'munsi ya mtengo wa ebony, ndipo sinachite mantha nafe. Mutu ndi chifuwa zinali za pinki wotuwira, mapiko ali akhofi, mchira uli wofiirira ngati katondo, ndipo kumiyendo inali ndi timphete tamitundumitundu timene osamalira mbalamezi amadziwira iliyonse payokhapayokha. Nditaiyang'anitsitsa ndinamvetsa chifukwa chimene akatswiri anavutikira kuipezera gulu, pakuti thupi lake ndi lalikulu monga la nkhunda, koma nkhope yake yofatsa imakumbutsa njiwa.

Mu 1843, Florent Prévost wa ku France anaitcha Columba mayeri, ndipo potero anaiika m'gulu limodzi ndi nkhunda zimene timaweta m'makola. Patapita zaka 50, mu 1893, Tommaso Salvadori wa ku Italy anaona kuti ndi yosiyana kwambiri ndi nkhunda zinazo, choncho anaipatsa gulu lakelake lotchedwa Nesoenas, dzina la Chigiriki lotanthauza nkhunda ya pachilumba. Nkhani inasinthanso mu 2001, pamene kafukufuku wa DNA anasonyeza kuti mbale wake weniweni ndi njiwa ya ku Madagascar, imene pa nthawiyo inali m'gulu la Streptopelia, gulu lomwelo la njiwa zimene zimalira m'minda ya kwathu. Ena anayamba kuilemba kuti Streptopelia mayeri, koma mapeto ake njiwa ya ku Madagascar ija ndi imene inasamutsidwira ku Nesoenas, ndipo lero dzina lovomerezeka ndi Nesoenas mayeri. Anthu a pachilumbachi, amene mikangano ya akatswiri siiwakhudza, amangoti pigeon des mares, mawu a Chifalansa otanthauza nkhunda ya m'madambo.

Ndikuona kuti kusankha Nesoenas kunali kolondola, chifukwa dzinali limasonyeza poyera kuchepa kwa mbumba imene yatsala. Abale ake a pazilumba zoyandikana nazo za Réunion ndi Rodrigues anatha kalekale, ndipo iyonso inatsala pang'ono kuwatsatira: pofika chaka cha 1990 kuthengo kunali mbalame pafupifupi 10 zokha, nkhalango zitadulidwa kuti kulimidwe nzimbe, ndiponso makoswe, amphaka ndi apusi obwera ndi sitima zapamadzi atamaliza mazira ndi maunda. Ntchito yoziswetsa m'makola ndi kuzibwezera kuthengo, imene akatswiri oteteza nyama a ku Britain, Gerald Durrell ndi Carl Jones, anailimbikira kwambiri, ndi imene inapulumutsa mtunduwu, ndipo mu 2018 bungwe la padziko lonse loona zoteteza zachilengedwe la IUCN linauchotsa pa mndandanda wa mitundu imene ili pangozi yaikulu n'kuuika pa wa mitundu imene ngozi yake ndi yocheperapo, chiwerengero chitayandikira 500.

Tsiku lotsatira ndinapita ku nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe mu Port Louis kukaona mafupa a dodo, mbalame yosauluka imene inatha cha m'ma 1600. Nayonso dodo inali ya banja la nkhunda, koma mbale wake wapafupi amene adakalipo si nkhunda ya pinki imene ankakhala nayo chilumba chimodzi, koma nkhunda ya ku Nicobar, ya kuzilumba zakutali za ku Asia.