Mpanda unagwa, koma misomali yanga sinazuke

Popeza mayi a kunyumba ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi, bola muimve kwa mwini wake. Inde, ndinagwera pabwalo la aneba. Ayi, sindinalire, inali mphepo chabe m'maso.

Chisanu cha chaka chino chinasiya mpanda wathu wamatabwa utapendekeka ngati chidakwa chokana kuti chaledzera. Mayi anati tiugwetse, timange wina. Ine ndinati ayi, nsanamira imodzi yokha ndiyo yatopa, misomali isanu basi. Ndinawaphunzitsanso kuti madzi akaundana m'nthaka amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti n'kumakankhira nsanamira m'mwamba, ndiye wolakwa ndi dothi, osati mtengo. Zimenezo n'zoona, kafunseni. Chimene sindinachite ndi kubaya nsanamirazo ndi chitsulo pamene zakhudza dothi, pomwe mtengo umayambira kuwola chifukwa chinyezi ndi mpweya zimakumana pamenepo. Kumwambaku zinkaoneka zolimba gwa. Pansi zinali siponji.

Nditatha kukhoma ndinawaitana mayi. "Taonani ntchito," ndinatero, uku ndikutsamira ndi phewa monyadira.

Mpanda unati kweee. Kenako unanyamuka, pang'onopang'ono, mwaulemu, ine ndili pomwepo. Nthawi inalipo yokumbukira ngongole zanga zonse, mpaka ya mnzanga wa kusukulu. Ndiyeno khu! Nsanamira zinayi nthawi imodzi.

Ndinapezeka ndili chagada pamatabwa, hamala ili m'mwamba ngati ndikufuna kukhoma mtambo, msomali wotsala ndauluma pakamwa. Galu wa aneba, amene wakhala akundiuwa zaka zitatu kudzera pamng'alu, anabwera mwakachetechete. Anandinunkhiza khutu. Anayang'ana mpanda, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso mpanda. Kenako anapuma mozama, n'kugona pambali panga. Osauwa ngakhale kamodzi. Kumveredwa chisoni ndi galu kumapweteka kuposa msana, abale anga.

Aneba anatuluka akumanga lamba wa thalauza. "Achimwene," anatero, "geti ilipotu, kutsogoloku."

Mayi anali atagwira khoma, mawu osatuluka, misozi ili mbwembwembwe.

Panopa tikukumba maenje atsopano, gawo limodzi mwa magawo atatu a nsanamira lilowe pansi, ndipo fosholo akuilamulira ndi iwo. Koma pochotsa matabwa akale ndinaona chinthu: misomali yanga isanu ija inagwira nganganga, mpaka ndinachita kuizula ndi mphamvu. Zimenezo mayi sakuuza anthu.