Basi itatifera pa msewu wa Tete

Tinanyamuka pa Wenela m'mawa, ulendo wa ku Joni kokaoda katundu. Za pa boda ya Mwanza ndi Zobue sindinena zambiri, mzere wake mukuudziwa, komanso anyamata osintha ndalama aja okakamira ngati nkhupakupa. Sinthani zochepa chabe, za madzi ndi kuchimbudzi, reti yawo ndi yakuba.

Tisanafike ku Moatize basi inangoti phuu, fanibeluti yaduka. Dzuwa la ku Tete abale, ngati akukuwotcha pa mbaula. Kondakitala akuti tidikire pang'ono, pang'ono pakepo maola anayi. Ndinakakhala pansi pa mlambe ndikutafuna pau, buledi wa ku Mozambique, wouma wa 20 meticais uku ndikulalata ndekha, mpaka madala ena omwe tinali nawo m'basi anandipatsira botolo la madzi, ofunda ngati tiyi koma ndinamwa.

"Mwana wanga, ukudandaula chani? Kale pamene wakhalapo sukanapondapo, ngakhale mkodzo unkaupirira, kutsika pa tala kunali kuponda bomba."

Kani anali dalaivala wa thiraki nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Akuti mathiraki ankaunjikana pa Zobue kudikira asilikali a ku Zimbabwe, akafika ndiye mdipiti wautali, mfuti kutsogolo mfuti kumbuyo mpaka ku Nyamapanda, pa boda ya Zimbabwe, ndipo galimoto ikakufera panjira mtima unkangoti myuu poona anzako akupitirira. Anapinda buluku kundionetsa chipsera pa katumba, osafotokoza, ine osafunsanso.

Zandale zake ndiye zinandizunguza mutu. Mu September 1986 Samora Machel, pulezidenti wa Mozambique, Mugabe ndi Kaunda anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu pamaso kuti Malawi ikusunga Renamo, Machel mpaka kuopseza kuti atseka boda n'kutchera mizinga. Pa 19 October ndege ya Machel inagwa ku Mbuzini, ku South Africa. Koma December yomweyo Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, pofika 1987 asilikali athu anali ku Mozambique kulondera njanji ya Nacala, kuthandiza boma lomwe limatiopseza dzana lija. Ndale zimenezo, akuluakulu akumwa tiyi m'mahotela ana a eni akugona m'tchire. Mtendere anakasainira ku Rome pa 4 October 1992, athu anabwerako 1993, ndipo msewu wa Tete unatsala m'manja mwa asilikali a ku Botswana otumidwa ndi UN.

Ine zonsezi kusukulu sindikumbuka kuti anatiphunzitsa, tinkangoloweza mitsinje ya ku Canada.

Fanibeluti inabwera pa njinga yamoto cha m'ma 4, kondakitala osapepesa n'komwe. Tengani madzi ambiri panjira iyi, malita awiri sakwana. Zambezi tinawoloka kutada, ndinafuna kuwadzutsa madala aja aone magetsi a pa mlatho wa Samora Machel koma anali akuliza mkonono, chipewa chili kumaso.