Filimu ya ku Japan ikamayenda m'mizinda ya ku Britain: zimene zimachitika kuchipinda cha purojekita

Chaka chilichonse mu February ndi March, bungwe la Japan Foundation limayendetsa mafilimu a ku Japan m'mizinda ya ku Britain, ndipo lachita zimenezi kuyambira 2004. Filimu imodzi imatha kuonetsedwa m'maholo oonetsera mafilimu osiyanasiyana: ku ICA mu London, kenako ku Watershed mu Bristol, ku Showroom mu Sheffield, mpaka ku Queen's Film Theatre mu Belfast. Ambiri mwa mafilimuwa alibe kampani yowagulitsa ku Britain, choncho holo ikalephera kuonetsa pa tsiku lake, anthu a mumzindawo aphonya basi. N'chifukwa chake ntchito ya woonetsa filimu ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaganizira.

Masiku ano filimu imabwera ngati DCP, mulu wa mafayilo amene nthawi zambiri amapitirira 100 GB. Imafika pa hard drive kapena kudzera pa intaneti, ndipo iyenera kukoperedwa mu seva (kompyuta yosunga ndi kuseweretsa mafilimu) ya holoyo kukadali masiku angapo. Ngati ndi yokhoma, imafuna kiyi yotchedwa KDM. Apa m'pamene pamagona mavuto ambiri. Kiyiyo imapangidwira seva imodzi yokha, komanso imagwira ntchito kuyambira ola lakuti mpaka ola lakuti. Mukasamutsa filimu kupita kuchipinda china chifukwa matikiti agulidwa ambiri, kiyi ija yatha ntchito. Chinanso, m'miyezi imeneyi nthawi ya ku Tokyo imakhala patsogolo ndi maola 9. Ngati wopanga kiyi ali ku Tokyo, akasokoneza nthawi, imatha kutseka filimu isanayambe, ndipo 7 koloko madzulo ku Sheffield ndi 4 koloko m'bandakucha ku Tokyo, aliyense ali mtulo. Pemphani kiyi yoyamba kugwira ntchito dzulo lake, muyeseretu.

Poyesapo, yang'anitsitsani mawu omasulira a pansi pa kanema. Ena amakhala omatiriridwa pachithunzi, ena amabwera m'fayilo yapadera imene seva iyenera kuitsegula. Mukasankha fayilo yolakwika, filimu imayenda bwinobwino koma yopanda kumasulira. Musangoyesa pamene pakulembedwa mayina poyambirira. Pitani pakati, pamene anthu akulankhulana.

Kukula kwa chithunzi nakonso kumavuta. Mafilimu akale a ku Japan ali pa 1.37:1, pafupifupi ofanana mbali zonse, pomwe kampani ya Toho inayamba chithunzi chotambalala cha TohoScope mu 1957. Mukaonetsa filimu ya 1.37 pa makonzedwe a chithunzi chotambalalako cha 1.85, mumadula mitu ya anthu pamwamba ndi mzere wa mawu omasulira pansi. Kwa ine kumeneku n'kuwononga ntchito ya amene anajambula, chifukwa anaganizira bwino chilichonse chooneka m'chithunzicho.

Ikabwera filimu ya 35mm, yamtundu wakale ya pa mipukutu, mpukutu uliwonse umatenga pafupifupi mphindi 20. Uyenera kuunikidwa ndi manja, kuona polumikiza ndi timabowo ta m'mbali, n'kulemba pamene pang'ambika usanatumizidwe ku holo yotsatira.

Pomaliza pali lamulo la zaka za oonera. Mafilimu ambiri oterewa sanaunikidwe ndi BBFC, bungwe loika malire a zaka za oonera mafilimu ku Britain, ndiye holo imadalira chilolezo cha khonsolo ya mzinda wake. Makhonsolo amasiyana kachitidwe, ndipo ena amafuna milungu ingapo, choncho pempho lipite matikiti asanayambe kugulitsidwa.