Pa mpando wa dalaivala panalibe munthu

Alamu anga atadina foni n'kunena kuti galimoto ikubwera, ine ndinkayembekezera kuona nkhope ya munthu. Inafika Jaguar yoyera ya kampani ya Waymo, padenga pake kachipangizo kakuzungulira ngati nguli. Pa mpando wa dalaivala panalibe aliyense. "Lowani alamu, musaope," anatero akutsegula chitseko ndi foni yomweyo.

Tinali ku San Francisco, mzinda wa zitunda wa ku California ku America. Tikutsetsereka, chiwongolero chinkadzipotokola chokha, ine nditakakamira lamba mpaka zala kuchita dzanzi. Mayi wina wokankha kangolo ka mwana atafika m'mbali mwa msewu, galimotoyo inaima n'kumudikira mpaka anawoloka. Pamenepo mtima unakhala pansi.

Madzulo tikudya ndi pomwe alamu anandiuza kuti galimotozi zinagawa anthu. Mu Ogasiti 2023, bungwe la boma la California lotchedwa CPUC linalola Waymo ndi Cruise, kampani inanso ya galimoto zodziyendetsa zokha, kunyamula anthu olipira usana ndi usiku. Akuluakulu a mzinda ndi ozimitsa moto anakana, ati galimotozi zinkangoima pakati pa msewu n'kuwatsekereza akamathamangira ngozi. Koma chilolezocho sichinali m'manja mwawo. Anthu ena okwiya ankaika makoni a pamsewu pa boneti kuti galimoto isasunthe. Izi zinandikhudza, chifukwa eni msewu analankhula koma mlandu unagamulidwa ndi ena.

Mu Okutobala chaka chomwecho, mayi wina anagundidwa ndi galimoto yoyendetsedwa ndi munthu n'kugwera kutsogolo kwa ya Cruise, ndipo ya Cruise ija inamukoka pafupifupi mamita 6. Dipatimenti ya boma la California yoona za galimoto, DMV, inaimitsa chilolezo cha Cruise mwezi womwewo. Alamu akuti iwo anayamba kulimba mtima ataona zimenezo, osati atamva malonjezo a makampani. Anaona kuti boma lomwe linatsegula msewu likhozanso kuutseka. Waymo itatsegulira aliyense mu Juni 2024, anayamba kukwera, ngakhale mpaka lero mwana wawo samukweza popanda iwo.

Tsiku lonyamuka, tili pakona pafupi ndi nyumba, ndinamva kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto. Maso anga anathamangira pa Jaguar yoyera yomwe inali kutsogolo kwake, yopanda munthu. Inaphethira getsi, n'kupatukira kumbali, ozimitsa moto aja n'kudutsa.