Mpeni uja ukadali m'dirowa

Ndayesa kugona kawiri konse, tulo takana. Ndiye ndangodzuka kuti ndilembe, mwina mutu upepukako.

Mnzanga uja anabwera kunyumba lero. Dzina sinditchula. Watha milungu itatu ali kunja, atakhala m'ndende zaka 9 pa zaka 14 zomwe anamugamula. Zinazo anamuchotsera chifukwa cha khalidwe labwino. Mlandu wake sindiubisa: anapha munthu. Inali ndewu ya kumowa, iye anatola chitsulo n'kumenya kamodzi m'mutu, munthuyo n'kukafera kuchipatala patatha masiku awiri. Bwalo linapeza kuti sanachite kukonzekera, n'chifukwa chake sanamupatse moyo wonse. Ine kwa zaka zonsezi ndakhala ndikubwereza mawu amenewo kwa aliyense wondifunsa, kuti sanachite kukonzekera, ngati kuti amene ali m'mandayo zimamukhudza.

Atagogoda ndinakuwa ndili mkati kuti lowa, n'kosakhoma. Zii. Ndinakuwanso. Nditatuluka ndinamupeza wangoima njo, manja kumbuyo, maso pachitseko. Anaseka mwamanyazi. "Aise, ndimaiwala kuti chitseko ndikhoza kutsegula ndekha." Ndinaseka naye, koma m'mimba munandipota.

Tikukhala pansi, maso anga anagwera pa mpeni womwe unali patebulo. Mpeni wamba wa kukhitchini, wobuntha, chigwiriro chake chomanga ndi waya. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linangopita lokha, ndinaunyamula ngati ndikukonza patebulo, n'kukauponya m'dirowa. Pobwerera ndinapeza akundiyang'ana. Sanakwiye. Anangoti, "Usavutike, bwanawe. Ndikanakhala iwe, nanenso ndikanauchotsa."

Bola akanandilalatira. Bola akanati, zaka 9 unkabwera kudzandiona, unkandinamiza? Pamenepo ndikanadziteteza, tikanakangana, zikanatha. Koma munthu wandikhululukira ndisanapepese, ndipo wavomera kuti ndi woyenera kuopedwa. Chinanso chomwe chikundinyansa n'chakuti mlandu wakewo sunali wa mpeni n'komwe. Ndiye ndimaopa chiyani? Munthu amene tinkakhala naye desiki imodzi, amene anagona pabenchi ya chipatala usiku utatu bambo anga akudwala. M'ndende sindinamuopepo. Mwina chifukwa pakati pathu panali waya ndiponso msilikali ataima pambali. Lero panalibe wayayo.

Zina tinacheza ndi zazing'ono. Amadzukabe kusanache kudikira kuti amuwerenge. Foni yomwe ndinamupatsa amaigwira ngati dzira. Chiphaso chake chinatha mphamvu ali mkati. Basi.

Atangochoka, foni inalira. Achemwali anga aakulu. Kaya anawauza ndani, nkhani zotere zili ndi miyendo.

"Ndamva kuti unamulowetsa m'nyumba."

Ndinati ee, ndi mnzanga.

"Ana anali pomwepo?"

Ndinati anali kusukulu. Ndipo apa ndinadzigwira ndekha, chifukwa nthawi yoti abwereyo ndinasankha ndine, ndipo ndinaisankha ndikudziwa kuti ana kudzakhala kulibe. Sindinawauze zimenezo.

Ndinayamba kulalikira. Ndinati achemwali, munthuyu chilango wagwira, boma lamutulutsa, ife ndani kuti timuwonjezere china? Ndinati aliyense akamutsekera chitseko abwerera komwe wachokera, chifukwa kumeneko ndi kokha komwe ali ndi malo ogona ndi anthu omudziwa dzina. Ndinafika mpaka pa mwambi, kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Anandisiya ndimalize. Achemwali anga sakweza mawu, ndiye kuopsa kwawo. "Ndevu zake wazima, wachita bwino. Koma pali wina anapsa thupi lonse. Mayi ake ali moyo, ukudziwa? Zaka 9 unkanyamula sopo kupita kundende. Kwa mayi aja unapitako kangati?"

Sindinapiteko. Ngakhale kamodzi. Kumaliro ndinaima kumbuyo kwenikweni n'kuchoka mwambo usanathe, poopa kuti wina andiloza kuti uyo ndi mnzake wa wakuphayo. Kuyambira pamenepo ndikawaona mayi aja patali ndimakhota.

Ndinati zimenezo n'zosiyana. Iwo anati, "N'zosiyana bwanji?" Ndinati sindingakhale mbali zonse ziwiri. Iwo anati, "Ndiye usamanene kuti ukuchita chilungamo. Uzinena kuti unasankha mbali." Ndinati ndinasankha munthu, osati mlandu wake. Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Iwe, munthu ndi zimene anachita umazilekanitsa ndi mpeni wanji?"

Mpeni. Sakudziwa za m'dirowa muja, anangolankhula. Ine ndinakhala chete mpaka anafunsa ngati ndikadali pa foni.

Chimene chimandivuta ndi achemwali n'chakuti sanena zabodza. Anthu ena ndimawapirira mosavuta: amene amati wakupha sasintha, amene anasiya kundipatsa moni, amene amafunsa monong'ona kuti kodi m'ndendemo zimakhala bwanji ngati akufunsa za filimu. Amenewo ndimawayankha ndili mtima m'malo. Koma awa amabaya pomwe pali bala.

Nthawi ina, ndili pamzere wodikira kukamuona, ndinawerenga pa foni malamulo a bungwe la United Nations onena za kasamalidwe ka akaidi. Anakhazikitsidwa koyamba mu 1955, anawakonzanso mu 2015 n'kuwatcha dzina la Nelson Mandela. Alipo 122. Lomwe linandikhala m'mutu ndi la nambala 90, lomwe mfundo yake ndi yakuti udindo wa anthu suthera pa tsiku lomwe mkaidi watuluka, ndipo payenera kukhala omuthandiza kuti tsankho limuchepere. Tsiku limenelo ndinamva ngati dziko lonse lili kumbali yanga. Lero ndikuona kuti dzinalo limanyenga pang'ono. Mandela anakhala zaka 27 m'ndende, natuluka mu 1990 anthu akuvina m'misewu, chifukwa anamangidwira kumenyera ufulu wa anthu ake. Kukhala mnzake wa mkaidi wotero ndi ulemu. Wangayu anatuluka ndi kachikwama kapulasitiki, pageti ndinalipo ndekha, ndipo palibe chifukwa chabwino chomwe ndinganene kuti anamangidwira. Analakwa, ndipo iye mwini sakana. Sanayambe wanenapo kuti unali mowa, kapena kuti winayo ndiye anayamba. Amene ndimanena zimenezo ndine.

Mwina ndi pamenepo. Iye anasiya kudziikira kumbuyo kalekale, ine ndikadali loya wake. Ndimachepetsa mlanduwo pakamwa kuti ubwenzi wathu uzioneka waukhondo, kenako dzanja langa n'kukabisa mpeni. Pakamwa pakunena china, dzanja likunena china, ndipo sindikudziwa kuti woona ndi uti. Kapena onse.

Ndatsala pang'ono kuiwala chomwe anabwerera. Wapeza malo omwe akufuna munthu wa ukalipentala, ntchito yomwe anaphunzira mkati momwemo, ndipo amaidziwadi, ndinaona mpando womwe anapanga. Pa fomu pali funso lija loti kodi munapezekapo olakwa kubwalo la milandu. Wayankha kuti inde. Ndinamuuza kuti mwina akanangosiya osalembapo, iye anapukusa mutu. "Akadzamva kwa ena ndiye ndathera pomwepo. Bola andikane lero." Tsopano akufuna kalata ya munthu womudziwa, womuchitira umboni. Anapempha ngati akupempha chinthu chachikulu kwambiri, maso pansi, ndipo anapempha atauona kale mpeni uja ukulowa m'dirowa. Ndinati mawa ikhala itatheka.

Pepala lili apa. Ndalemba kuti ndamudziwa munthuyu kwa zaka zoposa 30, ndipo zimenezo n'zoona. Mzere wachiwiri ndinayamba kuti ndi munthu wofatsa amene sangapweteke, n'kufufuta. Ndinalemba kuti ndimamukhulupirira ndi mtima wonse, n'kuyang'ana kudirowa, n'kufufutanso. Ndikufuna ndilembe zoona zokhazokha, koma zoona zomwe zingamupezetse ntchito. Amasunga nthawi. Sanandinamizepo. Akalakwa amavomera, ngakhale zitamudyera zaka 9. Kodi bwana amalemba munthu ntchito ndi mawu amenewo?

Achemwali atumiza uthenga pompano: "Sindinati umutaye." Basi, mawu awiri. Sindinayankhe. Ndikuganiza za mayi aja, kuti nditati ndipite ndingakayambe ndi mawu ati, ndiponso ngati kupitako kungakhale kwa iwo kapena kongofuna kuti ine ndizigona bwino. Mwina sangafune n'kundiona komwe.

Loweruka akubweranso kudzatenga kalatayo. Loweruka ana sapita kusukulu. Sindinamuuze kuti asinthe tsiku, koma foni ili m'manja