Loweruka ku Kalk Bay ndi ku Boulders

Lero ndinalibe ntchito, choncho ndinalawirira kukwera sitima kuchoka mumzinda wa Cape Town n'kukatsikira ku Kalk Bay, kumene ndinakhala kanthawi padoko kuonerera asodzi akutsitsa nsomba. Bambo wina wachikulire amene ankakonza mbedza zake pafupi nane anandiuza kuti ngakhale anabadwira m'banja la asodzi, kwa zaka zambiri lamulo silinkawawerengera anthu onga iwo. Bambowo sanali kukokomeza. Lamulo la mu 1998 lotchedwa Marine Living Resources Act linaganizira makampani, opha nsomba mongosangalala ndi ofuna ndiwo zokha, koma linasiya anthu amene amapha zochepa n'kugulitsa kuti adyetse mabanja awo. Boma linayamba kuwakonzera ndondomeko litalamulidwa ndi khoti mu 2007, ndipo aphungu anadzasintha lamulolo mu 2014.

Masana ndinapitirira ku Boulders Beach, ku Simon's Town, kukaona mbalame za penguin. Mbalamezi siziuluka; zimasambira m'nyanja yamchere kufunafuna sardine ndi anchovy, tinsomba tokumbutsa usipa wa kwathu, timenenso zombo za makampani zimakokolola ndi maukonde akuluakulu. Tinsombati tikachepa pafupi ndi zisa, mbalame zimapita kutali kwambiri, ndipo anapiye amafooka ndi njala akudikirira makolo awo. Mu 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mtundu umenewu, wotchedwa African penguin, m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo akatswiri achenjeza kuti zinthu zikapanda kusintha ukhoza kutha m'malo ake achilengedwe pofika 2035. Ndinaima pathandala lamatabwa pakati pa alendo ojambula zithunzi, mtima uli wolemera.

Chimene chandivutitsa tsiku lonse n'chakuti nkhani zonsezi zimathera kukhoti. Mabungwe oteteza mbalame a BirdLife South Africa ndi SANCCOB anachita kusumira nduna yoona za usodzi ndi chilengedwe kuti madera oletsa usodzi ozungulira malo asanu ndi limodzi oswanirana mbalamezi, kuphatikizapo zilumba za Robben, Dassen ndi St Croix, akhale okwanira, ndipo mgwirizano unatsimikizidwa ndi khoti la ku Pretoria mu Malichi 2025. N'chimodzimodzinso ku Wild Coast, gombe la m'chigawo cha Eastern Cape: anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndiwo anapita kukhoti la ku Makhanda, limene mu 2022 linathetsa chilolezo chimene kampani ya mafuta ya Shell inkadalira pofufuza mafuta pansi pa nyanja, chifukwa eni dera sanafunsidwe mokwanira.

Sindikunena kuti Nyumba ya Malamulo yangokhala chete. Gawo 24 la malamulo aakulu a South Africa limalamula kuti chilengedwe chitetezedwe kaamba ka mibadwo ya lero ndi ya m'tsogolo, ndipo mu 2018 aphungu anavomereza Marine Spatial Planning Act, lamulo logawa bwino malo a m'nyanja pakati pa asodzi, zombo, migodi ndi zamoyo. Koma ntchito ya phungu siithera pa kuvota. Komiti ya aphungu yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe ili ndi mphamvu yoitana nduna kuti ifotokoze chifukwa chimene malangizo a asayansi akuchedwera kutsatidwa, ndiponso aphungu ndiwo amavomereza ndalama za maboti olondera nyanja ndi za kafukufuku wowerenga nsomba. Mphamvu zimenezi zikanagwiritsidwa ntchito panthawi yake, msodzi wosauka sakanafunikira loya, ndipo nyengo yoswana ya mbalame zija siikanatayika mlandu uli kuyembekezera tsiku.

Ndafika kunyumba kutada, ndipo nditadya ndayamba kulemba kalata yopita ku komitiyo. Ndikufunsa zinthu ziwiri: ndani akulondera madera asanu ndi limodzi aja usiku, komanso ndi liti pamene komiti idzapite ku madoko monga Kalk Bay kukamva asodzi ali kwawo. Ndiimaliza mawa ndikachoka kutchalitchi.